Kodi Chiyidishi Chinafa Liti?

Anthu ophunzira amanena kuti Chiyidishi, chiyankhulo cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, chinafa. Ine ndine ndani kuti nditsutse? Ndangofuna kudziwa zing'onozing'ono. Chinafa tsiku liti? Mwambo wa maliro unachitikira kuti? Inu anzanga, uthenga unakupezani?

Akuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, anthu pafupifupi 11 miliyoni ankachiyankhula. Kenako chipani cha Nazi chinapha Ayuda 6 miliyoni, ambiri mwa iwo eni chiyankhulochi. Pa 12 Ogasiti 1952, boma la Stalin linawombera ku Moscow alembi otchuka a Chiyidishi monga Peretz Markish ndi David Bergelson. Nalo dziko la Israel, litakhazikitsidwa mu 1948, linasankha Chiheberi. Nanga bwanji ena amafotokoza nkhaniyi ngati kuti chiyankhulo chinangokalamba chokha n'kugona?

Ndiye mu 1978 Isaac Bashevis Singer, yemwe ankalemba m'Chiyidishi ali ku New York, analandira mphoto ya Nobel. Kodi a ku Stockholm, opereka mphotoyi, sanauzidwe za malirowo?

Apa ndiye pamene mutu wanga waima. Mu 1980, mnyamata wina wapasukulu, Aaron Lansky, anaona kuti mabuku a Chiyidishi akutayidwa kudzala. Agogo akamwalira, adzukulu ankapeza mabuku a zilembo za Chiheberi, owerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, osadziwa chochita nawo. Akatswiri anati ku North America kwatsala mabuku pafupifupi 70,000 oti n'kupulumutsa. Mnyamatayo ndi anzake anayenda ndi malole, kugogoda m'makomo mwa nkhalamba, kufukula m'zipinda zapansi ndi m'mabini a zinyalala. Anasonkhanitsa oposa 1 miliyoni, ndipo ntchitoyi inabala Yiddish Book Center ku Amherst, Massachusetts. Mlangizi atakuuzani kuti mukolola matumba 7, inu n'kukolola 100, chaka chamawa mungamufunsenso? Akatswiriwo anawerenga bwanji? Ali pa ofesi? Analowako m'nyumba ya nkhalamba ngakhale imodzi? Ndipo kodi si omwewa amene anatiuza kuti chiyankhulo chatha?

Pali chinanso. Ku Williamsburg mumzinda wa New York, ku Kiryas Joel, ku Antwerp ngakhalenso ku Jerusalem, ana a Ahasidi, Ayuda olimbikira chipembedzo, amayamwira Chiyidishi kubere. Amasewera m'Chiyidishi, amakalipiridwa m'Chiyidishi. Makolo awo amagula nyuzipepala za Der Yid ndi Der Blatt, ndipo mabanja awo ndi aakuluakulu. Ana amenewa sawerengedwa? Kapena mwana amayamba wapita ku yunivesite kuti chiyankhulo chake chioneke chamoyo?

Komatu ambiri mwa Ahasidiwa sawerenga mabuku a Singer, poti amaona kuti ndi nkhani zachikunja. Satsatiranso kalembedwe kamene kanakonzedwa ndi bungwe la YIVO, lomwe linayamba ku Vilna mu 1925. Ndiye mabuku ali uku, oyankhula ali uko. Amene akulakwitsa ndani, pulofesa kapena mayi amene akuyamwitsa? Ngati alipo pakati panu amene anafotokozeredwa bwino, chonde atiuzeko: chiyankhulo chimene ana akulirira nacho chakudya m'mawa uno, tizichilira maliro kapena tizichipatsa moni?