Mzukwa wa dzino langa

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene anapeka mwambi umenewu sanazulitsepo dzino. Wanga mlendo anafika m'Marichi, chimanga chili chachiwisi m'munda. Lero tikudya mango, iye akadali pamphasa, ndipo wayamba kufunsa kuti chaka chino tilima mbewu yanji.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu, mungamandimvere chisoni chaulere. Kwa zaka zambiri ine ndinali opena wa dera lathu lonse. Pa ukwati, pa chinkhoswe, ngakhale pa sadaka, chotsekulira mabotolo chikasowa ankangoti, "Kaitaneni achimwene aja." Ndinkafika monyang'wa, kulowetsa botolo kutsaya lakumanzere, phwa! chitsekerero uko. Amayi nthungululu, ana kundiyang'ana ngati ndachinya chigoli pa Kamuzu Stadium. Akunyumba okha ndi amene sankaomba nawo m'manja.

"Abambo, mano amenewo si a boma," ankatero. "Akatha, kulibe ofesi yokatenga ena."

Ine ndinkayankha ndi masamu. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, limodzi litachoka atsala 31, nanga ndi ochepa amenewo? Sindinkadziwa kuti dzino likamachoka limasiya ngongole, ndipo ngongole yake ndi ya katapila.

Linang'aluka Loweruka lina, dzino lam'mbuyo lakumunsi, pa botolo la Fanta. Likanakhala la mowa bwenzi ndikunamizira kuledzera. Ndinabisa nkhaniyi miyezi iwiri, ndikutafuna mbali imodzi ngati mbuzi yoganiza, mpaka tsiku lina ndinadzuka tsaya litatupa ngati ndasungiramo mandasi a ana.

Mzere wa kuchipatala cha mano ndi wosiyana ndi mizere ina yonse ya m'dziko muno. Pa mzere wa mafuta anthu amakamba ndale, pa mzere wa feteleza amakamba mvula, koma apa aliyense dzanja lili patsaya, maso pansi, zii, ngati tonse taferedwa munthu mmodzi. Ndinafika 5 koloko m'mawa n'kupeza kuti ndachedwa. Madokotala a mano ndi ochepa kwathu kuno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Ndiye kuti zaka zonse zimene ine ndinkaswa mano pa maukwati, dziko linali lisanayambe n'komwe kusula anthu okwanira otolera zotsalira zake.

Adokotala anali mwana wamng'ono, wofatsa, woti ndikanakumana naye panjira ndikanamutuma fodya. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, mlomo n'kukhala ngati ndabwereka kwa munthu wina. Kenako inayamba ntchito. Mano am'mbuyo akumunsi amakhala ndi mizu iwiri, ndipo langa, poti linali lophwanyika kale, linakana kutuluka lathunthu. Anachita kucheka nkhama, n'kumalitola zidutswazidutswa ngati munthu akuzula chitsa m'munda wamphanje. Atamaliza anasoka, n'kundilumitsa thonje.

"Bambo, mvetserani bwino," anatero. "Lero musachukuche mkamwa, musamalavule malovu mwamphamvu, musamwe zotentha, musamwere chilichonse pa kapaipi, ndipo fodya ayi ndithu. Madzi ofunda amchere muyambe mawa, pang'onopang'ono. Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu mwaulemu wonse. Munthu woluma thonje amavomera chilichonse.

Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Madzulo omwewo ndinaona kuti mkamwa mukumveka magazi, ndiye ndinachukucha ngati ndikutsuka chigubu cha palafini. Lilime nalo linadzipatsa udindo wa kapitawo, mphindi iliyonse kupita kukayendera dzenje. M'mawa mwake ndinasuta ndudu imodzi yokha, ya chipepeso. Ndipo pofuna kuonetsa nzeru, thobwa ndinamwera pa kapaipi, ati kuti lidutse kumbali osakhudza bala. Malamulo 5 anandipatsa, ndinaphwanya atatu dzuwa lisanalowe kawiri, ndipo ndinkadziona wochenjera.

Tsiku lachitatu usiku ndi pamene ndinadziwa kuti kuli ululu wina umene munthu amayamba kuitana amayi ake ngakhale ali ndi imvi. Unayambira m'dzenje muja, kukwera m'khutu, kukaima kuseri kwa diso. Ndinazungulira nyumba katatu, agalu a aneba akundiuwa. Mkamwa munkatuluka fungo loti akunyumba anatembenukira kukhoma osapereka chifukwa.

Nditabwerera kuchipatala, adokotala anangosuzumira kamodzi.

"Bambo, munasuta?"

"Ine? Ayi."

"Nanga machesi ali m'thumba la malayawo ndi ophikira?"

Anandifotokozera kuti magazi amene amaundana m'dzenje la dzino ndi denga la balalo. Pansi pake pali fupa ndi timitsempha. Kuchukucha mwamphamvu, kukoka utsi ndi kuyamwa pa kapaipi kumasasula dengalo, fupa n'kutsala pambalambanda, mphepo ndi nyenyeswa za nsima zikulowa mwaufulu. Anatsuka, n'kuikamo kamankhwala konunkhira ngati zokometsera ndiwo za m'masitolo a ku Limbe. Ululu waukulu uja unatsika tsiku lomwelo. Ndinatuluka ndikuyamika, ndikuganiza kuti maliro tawaika.

Bala linapola ndithu. Ulusi anachotsa, nkhama inatseka bwinobwino, yosalala ngati ya khanda. Koma ululu unatsala. Si ululu wokuwa uja ayi. Uwu ndi waulemu, wodziwa kukhala pamudzi pa eni. M'mawa umangopereka moni, ngati wina wakanikiza pankhama ndi chala chachikulu. Pofika masana umayamba kuyaka pang'ono ngati ndatafuna tsabola wa kambuzi. Ikamakwana 4 koloko madzulo umakhala ngati linthumbu lapeza njira yopita kukhutu. M'mwezi wa Juni, chiperoni chitagwa mu Blantyre, ndinkayenda nditadzikulunga mpango kukamwa ngati wakuba wamanyazi, chifukwa kamphepo kozizira kakangolowa, dzino lomwe kulibelo linkayankha kuti lilipo.

Chakudya changa chinasanduka cha mwana wongoleka kuyamwa. Phala, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yofutsa, therere. Nsima ndinkaitema timbamu tating'ono n'kumatilondolera kumanja ngati wapolisi wapamsewu. Kanyenya ndinkangomununkhiza podutsa. Nzimbe ndinkaziyang'ana ngati chibwenzi chakale chimene chinakwatiwa ndi wolemera. Lamba anabwerera mabowo awiri, mpaka aneba anayamba kufunsa ngati ndalowa mpingo wosala kudya.

Koma chowawa kuposa ululuwo n'chakuti palibe amene amauona. Wothyoka mwendo ali ndi chikhakha, anthu amamupatsa mpando wakutsogolo m'minibasi. Ine ndili ndi chiyani? Akunyumba anandiyasamitsa pakhonde, n'kuunika ndi tochi ya foni.

"Abambo, mulibe kanthu umu. Ndi nkhama basi, yabwinobwino."

"Pomwepo ndi pamene pakupweteka."

"Pakupweteka popanda kanthu?"

Kuntchito nako, nditapempha tsiku loti ndikaonane ndi adokotala, abwana anavula magalasi. "Dzino lija simunazule kodi? Ndiye chikupweteka n'chiyani?" Anandiyang'ana ngati munthu amene akupempha tchuthi cha maliro a malume omwe tinawaika kale chaka chatha.

Pamene madokotala ali ochepa, alangizi amachuluka. Alamu anga, amene amakonza magalimoto, anabwera ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki, ati ndidonthezere madontho awiri, "amaimitsa lole, akalephere dzino?" Apongozi anafunsa funso limodzi lokha: "Dzinolo munaliponya kuti?" Nditati linatsala kuchipatala m'kambale, anagwira pakamwa. Paja tili ana dzino likaguluka tinkaliponya padenga, ndiye langali, poti silinaikidwe mwamwambo, likuyendayenda. Mnzanga wa pa bawo anati pali wina kuntchito amene akufuna mpando wanga, ngakhale mpando wangawo ndi wa miyendo itatu ndi njerwa. M'basi ya ku Lilongwe ndinakumana ndi bambo wogulitsa botolo limodzi lochiza mano, msana, shuga ndi kubweza mkazi wothawa. Ndinatsala pang'ono kugula, koma ndinaopa kuti lingabweze dzino.

Mafuta a mabuleki ndinakana, ndisanamizidwe. Koma Aspirin ndinamuika pankhama usiku wonse monga anandiuzira mayi wina wa kumsika, ndipo m'mawa ndinapeza nkhama yapsa, yayera mbuu, ululu wakale uli pomwepo, watsopano wakhala pambali pake. Panado ndinkamutafuna ngati mtedza, Brufen ndikumwa m'mimba mulibe kanthu, mpaka namwino wina woyandikana nafe anandipeza ndikuwerenga mapaketi opanda kanthu.

"Achimwene, mukufuna kuchiza nkhama kapena kupha chiwindi? Panado wa 500mg munthu wamkulu sapyola mapilitsi 8 pa maola 24. Brufen popanda chakudya amaboola m'mimba. Bwererani kuchipatala."

Ndinabwerera mwezi wachinayi, nditakonzeka ndi chigamulo changa. Ndinauza adokotala kuti wolakwa ndi dzino loyandikana nalo, alizule basi. Anajambula X-ray, anagogoda mano onse a mbali imeneyo limodzilimodzi, anakanikiza nkhama. Munalibe muzu wotsalira, munalibe mafinya, ndipo dzino ndinkalinenezalo linali losalakwa.

"Bambo, ndikazula ili mubweranso kudzaneneza linzake, mpaka mutsala ndi nkhama zokhazokha, ululu uli pomwepo," anatero.

Anajambula nkhope papepala. Anati kumaso kuli mtsempha waukulu wa nthambi zitatu, ina yopita pamphumi, ina patsaya, ina kunsagwada yakumunsi, n'chifukwa chake ululu wa dzino umakamvekera kukhutu ndi kudiso. Nthawi zina dzino likadwala nthawi yaitali, kapena likazulidwa movutikira, kanthambi kamene kankalitumikira kamakhumudwa, n'kumatumizabe uthenga wa ululu ngakhale bala litapola. Zimafanana ndi za anthu odulidwa mwendo amene amamva kupweteka chala chomwe kulibe. Ululu ukapyola miyezi itatu, anatero, umakhala matenda paokha, ndipo Panado sauopa kwenikweni.

"Zili ngati alamu ya galimoto imene ikungolira popanda wakuba," anamaliza.

Ndinawauza kuti alamu otero ndili nawo kale, amakonza magalimoto. Sanaseke. Ndikuganiza kuti anali atatopa.

Chimene chinandikhudza n'chakuti mwana ameneyu, woti ndikanamutuma fodya uja, ndiye munthu woyamba amene sanandifunse kuti chikupweteka n'chiyani. Anangoti, "Ndikudziwa kuti mukumva kuwawa." Ndinatsala pang'ono kulira, koma ndinakumbukira kuti ndine opena wopuma pantchito, tili ndi ulemu wathu. Apongozi nawo, ndikaganiza bwino, sanaphonye kwambiri. Iwo anati mzukwa, adokotala anati mtsempha, onse akunena chinthu cholira m'nyumba yopanda munthu.

Adokotala anandilembera kapilitsi kakang'ono kotchedwa amitriptyline, komwa usiku, n'kundichenjeza kuti kamatenga masabata angapo kuti kayambe kugwira ntchito. Akunyumba, amene sawerenga nyuzipepala koma pepala la m'bokosi la mankhwala amaliwerenga mpaka kumapeto, anapeza kuti mankhwalawa amaperekedwanso kwa anthu ovutika maganizo.

"Abambo, m'nyumba muno mukuvutika maganizo ndi ndani?"

Ndinafotokoza kuti pa mlingo wochepa amatonthoza mitsempha. Anati chabwino, koma ndiwo za tsiku limenelo zinali zopanda mchere. Kapilitsiko nako kali ndi khalidwe lake. Kamaumitsa kukhosi ngati wadya chigumu popanda tiyi, ndipo sabata yoyamba ndinagona m'minibasi n'kupitirira siteji yanga, kondakitala n'kundilipiritsa kawiri. Kutchalitchi ndinavomera "Amen" pa chilengezo cha ngongole ya magetsi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita mwezi ndi theka ndinazindikira kuti 4 koloko yadutsa linthumbu osabwera. Ululu sunathe, ndisakunamizeni, koma unatsika kuchoka pa mwininyumba kufika pa wolipira lendi. Tsopano tikudziwana. Ndikudziwa kuti umakonda masiku a pakati pa mwezi, ndalama zitatha, ndiponso sabata yotsegulira sukulu. Ndikudziwa kuti ndikagona mochedwa umadzuka msanga. Ndikakhala pa bawo, kapena Bullets ikamasewera ndi Wanderers, umaiwala ntchito yake kwa mphindi 90, n'kudzakumbukira timu yanga ikagonja. Ukavuta ndimaika kansalu kofunda patsaya, n'kuchukucha mofatsa ndi kapu ya madzi ofunda yothira theka la kasupuni ka mchere. Mswachi ndinagula wofewa. Fodya ndinasiya, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa choopa funso la machesi lija. Tsiku lobwerera kuchipatala sindiphonya, ndipo abwana anasiya kufunsa, angoganiza kuti malume anga amamwalira mwezi ndi mwezi.

Sabata yatha kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali. Zakumwa zitafika, opena anasowa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinamva mawu aja kuchokera kukhitchini: "Kaitaneni achimwene aja." Ndinaimirira pang'onopang'ono, anthu akupatuka. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa opena wachitsulo amene ndinamangirira ku makiyi a nyumba. Kunalibe nthungululu. Mayi wina anachita kunena mokweza kuti, "Aa, akalamba."

Ndikutsekula botolo lachitatu, ndinaona mwana wanga wamwamuna kuseri kwa tenti, anzake atamuzungulira, botolo la Fanta lili kale kutsaya lakumanzere. Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji mabenchi awiri aja. Ndinamulanda botolo, ndipo mawu amene anatuluka mkamwa mwanga sanali anga.

"Iwe! Mano amenewo si a boma!"

Akunyumba anali chapafupi, akugawa mpunga. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Abambo, muuzeninso za ofesi ija."