Mbiri Imakoma Ikakhala Kutali

Sukulu ya ku Phalombe ikasonkha ndalama za ulendo wokaona malo, basi imalunjika ku Lilongwe, mzinda umene unalanda ulikulu kwa Zomba mu 1975, kumene ana amakajambulitsa pansi pa chipilala chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Akafunsa za nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ena amaitcha miyuziyamu, amauzidwa mwaulemu kuti yaikulu ili ku Chichiri mu Blantyre, kumene basi yawo inadutsa mbandakucha iwo ali m'tulo.

Chodabwitsa n'chakuti kwawo komweko, pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pali mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi anamanga mu 1893 kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita ku gombe la Mozambique. Malowa safuna mafuta a galimoto kapena kamba wa paulendo, ndipo mwina n'chifukwa chake sawerengedwa, pakuti ulendo wosalipiritsa kholo suoneka ngati wamaphunziro. Alendo okhulupirika kumeneko ndi mbuzi, zomwe sizilemba mayeso a mbiri yakale.