Fodya Wako ndi Uyo Ali pa Classpath

Pulogalamu ya Java yoyenda pa seva ya banki kapena ya kampani ya inshulansi silembedwa yonse ndi munthu mmodzi. Mbali yaikulu imakhala yobwereka: ma library amene ena analemba kale n'kuwalongedza m'mafayilo otchedwa JAR. Pulogalamuyo isanayambe ntchito imayenera kudutsa kwa javac, compiler ya Java, amene amasandutsa zolemba za munthu kukhala zomwe makina amamva. Library imodzi ikasowa, javac amaima pomwepo n'kulengeza kuti "package javax.servlet does not exist", kutanthauza kuti chinthucho kulibe. Wolembayo amadabwa, poti fayiloyo anaiona dzulo ndi maso ake.

Akuluakulu anathana nayo kalekale nkhaniyi pamene anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Munthu watsina fodya, wamukweza, koma asanamukoke mphepo yadutsa, chala chatsala chokhachokha. Palibe wogwiritsa mwambiwu kuposa javac. Mphuno yake ndi classpath, mndandanda wa malo amene wauzidwa kuti akafufuzemo ma library. Zimene zili kunja kwa mndandandawo, kaya zili mu Downloads, pa flash disk ya m'thumba, kapena pa laputopu ya mnzake amene ali kutchuthi, javac amaziwerengera kumphepo. Sapita kukafunsa kwa aneba.

Choyamba n'kudziwa kuwerenga madandaulo ake. Library imodzi ikasowa, zolakwa zimatuluka mulu, chifukwa paliponse pamene dzina lochokera mu library imeneyo latchulidwa javac amadandaulanso kuti "cannot find symbol". Akapanda kuuzidwa zina amalekeza pa zolakwa 100, osati chifukwa zatha. Ongoyamba kumene amathamangira pansi pa mndandanda n'kuyamba kukonza mizere yosalakwa. Odziwa amakwera pamwamba n'kuwerenga mzere woyamba wokha, womwe umatchula package yosowayo. Zinazo n'kuyetsemula chabe.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti dzina loyamba ndi javax limaoneka ngati la m'banja la Java, loyenera kubwera ndi JDK, phukusi la zida za Java momwe mulinso javac. Sizili choncho kwa onse. Servlet API ndi ya mapulogalamu a pa seva, ndipo imabwera ndi seva yomweyo. Mu Apache Tomcat imapezeka mu foda ya lib, m'fayilo yotchedwa servlet-api.jar. Kuti javac aione, njira ya ku fayiloyo imalembedwa pambuyo pa -cp. Apa palinso timisampha. Pa Linux ndi macOS mayina a pa classpath amalekanitsidwa ndi colon, pa Windows ndi semicolon, ndipo wokopera lamulo la mnzake osayang'ana amatha tsiku lonse akukangana ndi kadontho. Kungotchula foda yosungira ma JAR sikukwanira: amenewo ndi machitidwe a munthu woloza pa shelefu pamene pali kabotolo ka fodya n'kumadikira kuti ayetsemule. Pamafunika kutchula JAR yeniyeniyo, kapena kulemba lib/* monga zakhala zikuloledwa kuyambira Java 6. Ndipo -cp ikangolembedwa, foda imene munthu alimo imachoka pa mndandanda pokhapokha ataibwezerapo ndi kadontho kake. Wokayika ngati class yofunikayo ilimodi mu JAR angathe kuisegula ndi jar tf, poti JAR ndi fayilo ya zip yovala dzina lina.

Mawu otchuka kwambiri m'maofesi a mapulogalamu ndi akuti "koma pa kompyuta yanga ikuyenda". Nthawi zambiri wonenayo sakunama. Zida zolembera mapulogalamu monga Eclipse ndi IntelliJ IDEA zimasunga classpath yawoyawo, ndipo JAR imene munthu anaiwonjezera ndi mouse chaka chatha imakhala pa mphuno ya kompyuta imeneyo basi. Ntchitoyo ikafika pa makina ena omangira pulogalamu, fodyayo amapezeka kuti anatsala pachala cha mwini wake. N'chifukwa chake kunabwera Maven, yomwe mtundu wake woyamba unatuluka mu 2004, kenako Gradle. Mu Maven library iliyonse imalembedwa mu pom.xml ndi zinthu zitatu: groupId, artifactId ndi version. Maven amakaitenga yekha ku Maven Central, n'kuisunga mu foda ya .m2, n'kuiika pa classpath. Zolembedwa mu pom.xml zimayenda ndi pulogalamuyo kulikonse. Zodina ndi mouse zimafera pomwepo.

Mwambiwo sunanene kuti mphuno ili ndi mabowo awiri, koma Java imakumbutsa. Pali classpath ya nthawi yomanga pulogalamu, palinso ya nthawi yoyendetsa, ndipo kukhutitsa imodzi sikukhutitsa inzake. Pulogalamu yolankhula ndi database ya PostgreSQL imamangika bwinobwino popanda driver yake, chifukwa zolembazo zimangotchula java.sql, yomwe ili kale mu JDK. Vuto limadikira tsiku loikidwa pa seva, pamene kasitomala woyamba wadina batani, n'kutuluka ClassNotFoundException kapena uthenga woti driver yoyenera sinapezeke. Kulakwa kwa javac n'kwaulemu, poti kumachitika munthu ali yekha pa desiki. Kwa pa seva kumachitika abwana ataimirira kumbuyo.

Amene analumwapo ndi zimenezi amagwa m'vuto lina, lothira chilichonse mu WEB-INF/lib, foda ya ma library a pulogalamuyo, kuti pasasowe kanthu. Servlet API ikalowamo, seva imakhala ndi makope awiri a chinthu chimodzi, lake ndi la mlendo, ndipo pa ma seva ena zimathera mu LinkageError kapena ClassCastException yonena kuti chinthu sichingakhale chimene chili. Mankhwala ake ndi scope yotchedwa provided mu Maven, kapena compileOnly mu Gradle. Tanthauzo lake n'lakuti javac aione library pomanga, koma isalongedzedwe mu fayilo ya WAR yopita ku seva, chifukwa kumene ikupitako aliko kale wawo. Panalinso JAR ina yodziwika bwino, javaee-api 6.0, imene inali ndi mayina a ma method koma m'kati mwake mutachotsedwa zonse. Pomanga inkakwanira. Woyesa kuiyendetsa pa ma test ankalandira ClassFormatError yodandaula za "Absent Code attribute". Ameneyo anali kabotolo kongotsala fungo.

Nthawi zina mphepo imachotsa ngakhale fodya amene anali atafika kale pamphuno. JAXB, library yosandutsa XML, inakhala m'kati mwa JDK kwa zaka zambiri, moti anthu anaiwala kuti ndi yobwera. Java 9 inachenjeza mu 2017 kuti idzachotsedwa, anthu sanamve, ndipo Java 11 inaichotsadi mu 2018. Mapulogalamu amene sanakhudzidwe ngakhale mzere umodzi anadzuka akuuzidwa kuti javax.xml.bind kulibe. Kukonza kwake n'kuilemba mu pom.xml ngati library ina iliyonse, API pamodzi ndi implementation yake, chifukwa API yokha imangokhutitsa javac.

Chimphepo chachikulu chinachokera ku nkhani ya dzina. Mu 2017 Oracle, yomwe inagula Sun Microsystems mu 2010, inapereka Java EE, banja la Servlet API ndi anzake, ku Eclipse Foundation, koma awiriwa sanagwirizane zoti dzina la javax lipitirire kukula m'manja mwa eni atsopanowo. Zotsatira zake, Jakarta EE 9 ya mu 2020 inasintha javax.servlet kukhala jakarta.servlet, javax.persistence kukhala jakarta.persistence, ndi ena otero. Tomcat 9 amamva javax, Tomcat 10 amamva jakarta, ndipo Spring Boot 3 ya mu 2022 inapita ku jakarta n'kufunanso Java 17. Munthu angakhale ndi servlet-api.jar pa classpath, javac n'kumalumbirabe kuti javax.servlet kulibe, ndipo onse awiri akunena zoona: kabotolo n'komweko, fodya ndiye wina. Njira ndi ziwiri, kusintha ma import onse kapena kukhalabe pa seva yakale. Wosankha yoyamba asachite mwaphuma n'kusintha javax aliyense m'kamphindi kamodzi, chifukwa javax.sql, javax.crypto ndi javax.naming ndi a JDK ndipo sanasamuke. Wowasintha amapeza zolakwa 100 zatsopano, zopanga yekha.

Chotsala ndi alendo obwera ndi alendo anzawo. Library imodzi imakoka ina, imeneyonso n'kukoka ina, mpaka pulogalamu yotchula ma library 10 imapezeka itanyamula ochuluka zedi. Awiri akafuna library yofanana koma ya ma version osiyana, Maven amasankha yomwe ili pafupi ndi pom.xml, osati yatsopano, ndipo wotsalayo amadzalira pa seva ndi NoSuchMethodError. Lamulo la mvn dependency:tree limaonetsa amene anabwera ndi yani. Likaonetsa, version yoyenera imakhomeredwa mu dependencyManagement, kapena yosafunikayo imatsekeredwa kunja ndi exclusion. Intaneti ikaduka Maven ali pakati potenga library, iye amasiya kafayilo ka .lastUpdated mu .m2 kokumbukira kulepherako, ndipo sayesanso msanga ngakhale netiweki itabwerera. Kumukakamiza ndi mvn -U, kapena kufufuta foda ya library imeneyo mu .m2, kumathetsa vutoli. M'makampani amene makompyuta awo satuluka kunja mwachisawawa, proxy kapena nkhokwe ya m'kati monga Nexus ndi Artifactory imalembedwa mu settings.xml, ndipo library imene sinaloledwe kulowa m'nkhokwemo imayamba yadikira siginecha ya a chitetezo.