Kilo ya ku France ndi chala cha abucha

Mzinda wa Lilongwe uli ndi makilo awiri, ina yogulira, ina yogulitsira. Mlimi akapita ndi soya kwa venda, thumba la makilo 50 limafika pa sikelo litaonda. Akabwera wogula, thumba lomwelo lanenepanso. Makilo onse awiriwa amandidziwa ine ndi dzina.

Ndimagwira ntchito yaumesenjala ku Area 3, kumene anthu amagula nyama yokutidwa kale m'pulasitiki, pamwamba pali kapepala konena magalamu ake. Ine yanga ndimagula popita kwathu ku Chinsapo, ndipo mawu oti "hafu" ndimanena chapansipansi kuti aneba asamve. Koma pa nkhani ya mbiri ya kilo musandiderere, nyuzipepala zakale za muofesi zimathera m'manja mwanga.

Kilo inabadwira ku France. Anthu kumeneko atathana ndi mfumu yawo anatembenukira miyeso, poti tauni iliyonse inali ndi paundi yakeyake ndipo wolira anali mmphawi. Mu 1795 anagwirizana kuti muyeso uchokere ku madzi, chifukwa madzi alibe mwini. Anthuwa anali asanaone bilu ya madzi. Basi lita imodzi ya madzi inakhala kilo imodzi.

Koma madzi amatayika, ndiye anasula kachitsulo. Kamene maiko ambiri anavomereza mu 1889 ndi ka platinum wosakaniza ndi iridium, kotalika mamilimita 39 okha. Anakavindikira ndi magalasi atatu n'kukatsekera ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndipo kuti mukaone pankafunika makiyi atatu osungidwa ndi anthu osiyana. Katundu wanga yense, ndi njinga yomwe, amagona kuseri kwa loko imodzi yogula ku Tsoka, yomwe imatseguka ngakhale ndi supuni.

Patapita zaka pafupifupi 100, akatswiri anapeza kuti kachitsuloka kasiyana ndi anzake amene anawatumiza m'maiko ena ndi mamaikurogalamu pafupifupi 50, kulemera konga kwa kambewu kamodzi ka mchere wosalala. Tulo anasowa anthu ophunzira! Pa 20 May 2019 anakapumitsa ntchito, ndipo lero kilo imawerengedwa kuchokera pa nambala ina yotchedwa ya Planck. Ndinayesa kuiwerenga nambalayo, mutu unandiwawa mpaka madzulo.

Zonsezi ndinakazikhuthulira abucha ena Loweruka lapitali, anthu ali pamzere.

"Achimwene, mukudziwa kuti azungu anachotsa ntchito kilo yawo chifukwa cha kambewu ka mchere?"

"Bigi, mugula kapena mwabwera kudzaphunzitsa?"

Uku akuyankha, uku chala chachikulu chili phee pambali pa sikelo, ngati chikupuma. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo n'kuikapo chidindo, inde, koma chala cha wogulitsa palibe amene amachiyendera. Ndinachiona bwinobwino chalacho, chili ndi chikhadabo chosweka. Ndinathokoza, ndinalipira, ndinapemphanso basela. Anandiponyera fupa.

Mayi akunyumba safuna sikelo. Anangonyamula jumbo ija ndi zala ziwiri, kuigwedeza kamodzi, n'kundiyang'ana.

"Bambo, hafu yake iti? Ina mwadyera panjira?"

Pofuna kuziziritsa mlandu ndinayamba za ku France, za makiyi atatu, za lita imodzi ya madzi. Anamvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo chikwatiranireni.

"Mwati lita imodzi ndi kilo imodzi?"

"Ndendende, mayi."

"Ndiye kuti ndowa ya malita 20 imene ndimasenza kuchokera ku kiyosiki ija ndi makilo 20?"

"Osawerengera ndowayo," ndinawonjezera monyadira.

Kuyambira Lolemba madzi ndikutunga ndine, ndisanapite ku ntchito. Amayi a pa kiyosiki amandisungira malo pamzere, ndipo mmodzi wandibwereka nkhata.