Tili bwino, Ambuye akutisunga

Alamu anga a ku Johannesburg ndiwo anayambitsa zonsezi. Disembala akangofika pakati, amatumiza pagulu la WhatsApp la abale uthenga wa Khirisimasi wofotokoza zimene Ambuye awachitira chaka chonse: galimoto yachiwiri, mwana walowa yunivesite, kenaka chithunzi cha banja lonse litavala zofanana. Chaka chino mayi a kunyumba anati nafenso tilembe wathu, poti Mulungu wa ku Joni ndi yemweyo wa ku Ndirande. Ntchito inagwera ine chifukwa ndine ndinafika Fomu 4. Zoti ndinatulukako bwanji, m'banja mwathu sitikamba.

Moni yekha anandidyera tsiku. Kwathu kuno sungangoti "moni nonse" n'kupitirira. Azakhali akapanda kumva dzina lawo, nkhaniyo idzatulukira pamaliro chaka chamawa, anthu ali chete. Ndinayamba ndi apongozi, kenaka amalume, azakhali a mbali zonse ziwiri, asuweni ndi ana awo. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake Mateyu anayamba ndi mndandanda wa mibadwo 42 asanafike pa kubadwa kwa Yesu. Nayenso ayenera kuti anali ndi azakhali.

Ndiye panabwera pofotokoza za chaka. Apa m'pofunika nzeru, abale anga. Ukalemba kuti zinthu zikuyenda, foni siigona. Ino ndi nyengo ya feteleza wobereketsa, ndipo fizi ya Januwale ili pakhomo. Aliyense kumudzi amawerenga madalitso ako ali ndi cholembera m'manja. Ukalemba kuti zavuta, amayi a Mvano afika Lachinayi kudzakupempherera, ndipo mapemphero akatha pafunika tiyi wa shuga. Komanso pali msuweni wina amene sachedwa kubwera ndi madzi a kwa mneneri, n'kukuuza kuti akukumangira mwayi ndi azakhali omwe aja wawapatsa moni poyamba.

Choonadi chake n'chakuti chitopa chinalowa m'khola mwezi wa Ogasiti n'kusiya tambala mmodzi. Njinga ndinagulitsa kuti mayi abweze ngongole ya banki m'khonde. Malipiro anga sanamvebe kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akanali momwe analili, okhulupirika. Zonsezi ndinazibatiza. Ndinalemba kuti ziweto zathu zapuma, kuti ine ndayamba kuyenda pansi pofuna kulimbitsa thupi, ndiponso kuti Ambuye akupitiriza kutiphunzitsa kukhutira ndi zochepa, ngakhale phunzirolo tinalimva kalekale.

Pa za mwana wathu woyamba ndi pomwe ndinaonetsa luso. Mayeso a MSCE amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Wathuyu anabweretsa 41. Ndinangolemba kuti, "Mnyamata wathu wakolola mapointi 41, mwa chisomo." Agogo ake atamva anaimba nthungululu, nati mdzukulu wa aneba awo anangopeza 12, ulesi wa ana a masiku ano.

Nditamaliza ndinapereka foni kwa mkonzi wamkulu.

"Bambo a ana, apa mwalemba kuti ndalama zikuvuta? Fufutani. Mkhristu sadandaula pagulu."

Ndinafufuta.

"Nanga apa mwati tagula malata awiri? Mukufuna amalume anu amve? Fufutaninso."

"Nanga za kwaya, mayi? Kuti ndine ndimatsogolera besi?"

"Akumpingo nawonso ali pagulupo. Akudziwa chimene anakuikirani kumbuyo."

Pamene mkonzi ankandibwezera foni, uthenga unali utatsala moni wa mibadwo uja ndi mawu anayi: tili bwino, Ambuye akutisunga. Ine ndinaona kuti pakuchepa, ndiye ndinaikapo chithunzi. Tinajambulitsa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, tonse titatchena za pakaunjika zositidwa bwino. Dzuwa linali likuswa mtengo, mthunzi unali pamalo amodzi okha, pansi pa mango pamene abusa amaimikapo galimoto yawo. Kuti dzanja langa linatsamira pachitseko chake, imeneyo ndi nkhani ya msana, anthu a zaka zanga akundimvetsa.

Alamu a ku Joni anayankha ndi timanja topemphera. Azakhali anafunsa chifukwa chake dzina lawo labwera pambuyo pa la apongozi. Usiku ndithu kunalowa uthenga wa mawu wochokera kwa amalume:

"Mphwanga, taona zimene Mulungu wakuchitira. Sitingakusiye usangalale wekha. Tikubwera pa 24, ine, akazi anga ndi ana asanu. Udzatichingamire ku Wenela ndi galimotoyo, tatenga katundu wochepa chifukwa tikudziwa kuti pobwerera adzachuluka."

Mpunga wa Kilombero ulipo makilo awiri, Fanta tinagula wa anthu asanu. Tambala uja ndamuyang'ana bwinobwino m'mawa uno. Ndawerenga mobwereza, miyendo yake ndi iwiri basi.