Mlandu wa mahedifoni pa Bapong

Pa Bapong phokoso sagula. Malole a kumigodi amadutsa usana ndi usiku, matakisi opita ku Brits amaliza mahutala ngakhale atadzaza kale, pa kagolosale kalikonse, kamene kuno amati sipaza, pali sipika yogunda amapiano, ndipo Lamlungu matchalitchi a m'matenti amalimbirana kuti kumwamba kuyambe kumva ndani. Koma ndi pamalo pomwepa pamene pabuka akatswiri a makutu, anthu oti akavala hedifoni amakuuza kuti woyimba gitala anameza malovu vesi yachiwiri isanayambe.

Kwa amene sanafikeko, Bapong ndi mudzi wa a Bapo ba Mogale, m'chigawo cha North West, kufupi ndi mapiri a Magaliesberg. Pansi pa dera limeneli pali platinamu, mwala umene South Africa imakumba wochuluka kuposa mayiko ena onse ataphatikizana. Migodi ya ku Marikana, yomwe inali ya Lonmin mpaka Sibanye-Stillwater itaigula mu 2019, ili chapafupi pomwepa. Ambiri mwa ife Amalawi platinamuyo sitinamuonepo ndi maso. Timameta amene amamukumba, timawasokera mathalauza, timawamangira mipanda, ena timasesa masamba m'magaladeni a mabwana ku Hartbeespoort. Komabe pa Facebook tonse ndife a kumigodi.

Agogo athu a nthawi ya Wenela ankabwerera kumudzi ndi njinga, chijasi ndi wailesi, ndipo umboni woti munthu anali ku Joni unkamveka mudzi wonse. Umboni wa lero, womwe ndi hedifoni, amaumva mwini yekha, enafe timangouona. Kavalidwe kake kalinso ndi malamulo amene mlendo ayenera kuwadziwa. Hedifoni ikakhala pakhosi, mwini wake akunena kuti mwezi uno zinthu zili bwino, mukhoza kumupatsa moni. Ikatseka khutu limodzi, lankhulani koma mwachidule. Ikatseka onse awiri, ndiye kuti wakuonerani patali ndipo akukumbukira bwino lomwe kuti ali nanu ngongole. Mukati "Mwaswera bwanji achimwene?" iye amangogwedeza mutu, inu osadziwa ngati wavomera moni kapena akutsatira ng'oma.

Nkhaniyi inafika pachimake Lamlungu lina mu Juni, m'kontena ya achimwene ometa, titasonkhana ngati bungwe la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lake likagone kwawo. A Tcheya anali atangotsegula kope la amene sanasonkhe pamene amuna atatu anayamba kukangana kuti hedifoni yeniyeni ndi ya ndani. Poti aliyense ankadziwa kuti dzina lake lili pafupi kutchulidwa, tonse tinagwirizana kuti mkanganowo ndi wofunika kuuthetsa msanga.

Oyamba anali a Profesa, amene udindowo anaupeza chifukwa chovala magalasi powerenga mameseji. Amagwira m'galadeni ku Hartbeespoort, ndipo bwana wawo posamukira kunja anawasiyira katoni ya zinthu zakale. M'katonimo munali Sennheiser HD 600.

"Iyi, abale anga, si ya ana," anatero akuipukuta ndi mpango. "Ndi ya kampani ya ku Germany, inatuluka mu 1997, ndipo mpaka lero odziwa nyimbo amaivulira chipewa. Onani kumbuyoku, ndi kotsegula, kuli kasefa chabe. Mawu sapanikizika. Ukavala, oyimba sakhala m'mutu mwako ayi, amakhala patsogolo pako, wa ng'oma uko, wa gitala uku. Koma pamene imaposa zonse ndi pa mawu a munthu. Liwu lililonse limatuluka mbee."

"Besi ilimo?" anafunsa mnyamata wa ku Ndirande.

"Ilimo yokwanira munthu wophunzira. Besi yogwedeza mano ndi ya m'takisi."

Kuti iyambe kulira inali ntchito. A Profesa anafotokoza kuti hedifoniyi ndi ya ma ohm 300, pomwe zambiri zopangidwira foni zimakhala cha m'ma 32, kotero foni payokha imalephera kuikankha mokwanira. Anatulutsa kaampulifaya kam'thumba, kenako chingwe cha mamita atatu, kenako kachingwe kena kolumikizira, chifukwa foni yawo ilibe bowo la hedifoni. Pomaliza zonsezo ankaoneka ngati wodwala amene ali pa dilipi.

"Ndipo iyi ndi yaing'ono," anapitiriza. "Kampani yomweyi mu 2015 inatulutsa ina yotchedwa HE 1, ya mayuro 50,000, ampulifaya yake yokhala m'mwala wosemedwa wa ku Italy."

Mayi wogulitsa usipa ndi nyemba zochokera kumudzi anaomba m'manja kamodzi. "Ndalama zonsezo kuti munthu amve yekha? Kwathu ku Nkhotakota wa ndalama zotere amagula zokuzira mawu, mudzi wonse uvine, akamwalira anthu abwere kumaliro."

Wachiwiri anali mnyamata wa ku Ndirande uja, wotsuka magalimoto, amene Sony WH-1000XM4 yake anaigula molipira pang'onopang'ono. Ilibe chingwe, imayendera Bluetooth, ndipo kumbuyo kwake ndi kotseka.

"Madala, izi za zingwe zinatha," anatero. "Iyi ukangodina apa, dziko lonse limazima. Lole idutse, takisi ilire, alandilodi agogode, iwe uli phee. Palibe chimene umamva."

A Tcheya anagwedeza mutu momvetsa. Kwa miyezi itatu anali akumuitana mnyamatayu pamsewu za ndalama ya bungwe, iye n'kumangodutsa maso ali kutsogolo, ndipo a Tcheya, poti ndi munthu wa Mulungu, ankaimba mlandu makinawo.

Apa a Profesa, pofuna kugwetsa mnzawo, anaphunzitsa kalasi yonse. Anati m'hedifoni zotere muli timaikolofoni timene timamva phokoso la kunja, ndiye makina amatulutsa mawu otsutsana nalo, awiriwo n'kuphana asanafike m'khutu. Zimenezi zimayenda bwino pa mkokomo wosasintha, monga wa injini ya basi kapena ya ndege. "Koma mawu a munthu amakwera ndi kutsika mosayembekezeka. Amachepa, inde, koma munthu akakuitana mokweza pafupi, umamva ndithu."

A Tcheya anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. "Ndiye kuti mwana iwe unkandimva?"

"Mwina batire inali itachepa mphamvu, a Tcheya."

"Batire ikachepa ndiye umamva kwambiri kapena pang'ono?"

Funsolo silinayankhidwe, chifukwa Bigi anali ataimirira kale ndi AirPods Max yake yobiriwira, imene amayenda nayo pakhosi ngakhale popita kukatunga madzi. Anati ndi ya Apple yeniyeni, ndipo anaigula mumsewu ku Johannesburg kwa munthu amene anali pachangu. Mtengo sanafune kutchula. A Profesa anaiyeza m'dzanja n'kuseka. Yeniyeni inatuluka mu 2020 pa madola 549, makutu ake ndi achitsulo cha aluminiyamu, ndipo imalemera pafupifupi magalamu 385. Ya Bigi mphepo ikanatha kuiulutsa. Anthu a kuno zoterezi amati fong kong, kwathu timati chikomekome cha mkuyu. Titati tiimve, zinadziwika kuti inasiya kutchaja nthawi ya Pasaka.

"Nanga tsiku lililonse umagwedeza mutu ukumvera chiyani?" anafunsa achimwene ometa.

"Nyimbozo ndinaziloweza kale," anayankha Bigi.

Tinafika pa nkhani ya kukwana pamutu, pakuti hedifoni ikhoza kuyimba bwino koma n'kukhala chilango. Ya a Profesa ndi yopepuka, magalamu 260, nsalu yake ya m'makutu ndi yofewa ndipo siitukutira, koma imafinya mutu, ndipo pamutu wa a Tcheya, umene ndi wa utsogoleri, inafinya mpaka mitsempha kuoneka. Sony inakhala bwino pa aliyense, ndipo m'chisanu cha Juni inali yofunda, koma mwini wake anavomera kuti mu Disembala makutu amasamba thukuta. A Profesa ataivala anadandaula kuti besi yathawa, osadziwa kuti miyendo ya magalasi awo inatsegula mpata m'mbali mwa khutu. Mayi wa usipa anakana kuyesa iliyonse, ati wigi yawo inadula kuposa ya Bigi ndipo saiika pachiswe. Achimwene ometa anapereka dandaulo lawo ngati katswiri: lamba wa pamwamba amasiya msewu pakati pa tsitsi, kenako kasitomala amabwerera kudzanena kuti anametedwa mokhota.

Tsopano panafunika woweruza wosakondera, ndipo mwa mwambo wathu tinasankha wamkulu pa onse. Madalawa anabwera ndi Theba m'ma 1980, kulemba Amalawi ntchito za kumigodi kusanaimitsidwe mu 1988. Anayambira kumigodi ya golide, anamalizira ya platinamu, anakwatira konkuno, n'kutchona. Zaka zawo zambiri anathera pansi, atagwira makina oboolera mwala. Malamulo a m'migodi ya kuno amati phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 ndi loopsa kale ku makutu, pomwe makina amenewo amapitirira 100. Khutu la mwana limamva kuyambira 20 mpaka 20,000 Hz, koma phokoso ndi ukalamba zimayamba kudya mawu osongoka a pamwambawo, amene a Profesa anali atangowatamanda. Zonsezi tinkazidziwa. Koma ndani akanaimirira kunena kuti madala samva?

"Madala, mutiweruzire mlanduwu!" anakuwa a Tcheya.

"Ndadya kale, zikomo," anayankha madala.

Nyimbo yoyesera inavutanso. Achinyamata ankafuna amapiano, akuluakulu ankafuna za kwaya, mpaka tinagwirizana pa malemu Lucius Banda, poti Soja palibe amene angamukane. A Profesa anali nayo m'foni. Inachokera pa gulu la WhatsApp, kumene inafika kuchokera pa memori kadi yobenetsa ku Limbe, ndipo pakati pake pamalowa mawu a mnyamata wolengeza dzina la shopu yake. Nyimbo ikafinyidwa chonchi, zambiri zimene zinali mu situdiyo zimatayika panjira, ndipo palibe hedifoni imene ingazibweze. Yabwino kwambiri imangokuonetsa mabala onse bwinobwino.

Madala anayamba ndi ya Bigi. Anakhala nayo mphindi yathunthu, maso ali otseka.

"Iyi ndi yaulemu," anatero. "Siisokosa."

Anavala Sony, nati ikufunda bwino, ndipo anafunsa ngati ilipo ya mapazi. Kenako anavala ya a Profesa, amene anakweza kaampulifaya mpaka kumapeto kuti woweruza asaphonye kanthu. Nyimbo ili pafupi kutha, magetsi anazima. Makina ometera anaima, sipika ya pa sipaza inaduka pakati pa ng'oma, m'kontena munangoti zii. Foni ya a Profesa, itamaliza Soja, inadumphira pa chotsatira m'mndandanda wa zochokera pa WhatsApp. Ndipo hedifoni yotsegula kumbuyo ili ndi khalidwe limene mwini wake anaiwala kutiuza: zimene akumva wovala, oyandikana nayenso amamva.

"Bambo a ana," anatero mawu a mayi, omveka mbee monga tinalonjezedwera, "chithunzi chanu pa Facebook tachiona. Mwavala zazikulu m'makutu, mwanenepa, tathokoza Mulungu. Ndiye poti ndalama zikuoneka kuti zilipo, feteleza musachite kudikira mvula ngati chaka chatha. Fizi ya mwana wanu wamkulu sinathe. Komanso amayi anu akuti foni yanu imangoitana, kodi zinthu mwavalazo zimatseka makutu?"

A Profesa analimbana ndi zingwe zawo, osadziwa choyamba kuzula. Madala anakweza dzanja kuti asasokonezedwe, ndipo anamvera mpaka kumapeto.

"Iyi ndiye nyimbo," anatero akuvula. "Mawu onse ndawamva. Woyimbayu ndi wa kuti?"

"Wa ku Ntcheu," anayankha mayi wa usipa. "Ndipo ali ndi ma alubamu ambiri."

Chigamulo chinali chachidule. Pa kumveka kwa mawu, madala anapereka chikho kwa a Profesa, ndipo palibe anatsutsa. Pa kufunda, Sony. Pa mtendere, ya Bigi. Koma anati zonse zitatu sizifika pa imene ali nayo kunyumba, zotseka makutu zimene ankapatsidwa kumgodi: zaulere, zosafuna batire, zosaulula zinsinsi za m'banja. Anangodandaula kuti ali mnyamata ankazikoleka pachipewa m'malo moziika m'makutu, poopa kuoneka wamantha pamaso pa anzake. "Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero, akuloza mnyamata wa ku Ndirande. "Iwe ukumadzithira wekha phokoso limene ife ankatilipira kuti tilipirire."

A Tcheya sanataye mwayi. Anatsegulanso kope, n'kulamula kuti kuyambira tsikulo hedifoni iliyonse izisiyidwa pakhomo pa msonkhano, ndipo wodutsa mkulu pamsewu makutu ali otseka azilipira R20 ku thumba la maliro. Mnyamata wa ku Ndirande analipira miyezi yake itatu pomwepo, ndalama zikutuluka m'sokosi. Bigi anapempha kuti yake isawerengedwe, poti siilira, koma bungwe linati mlandu wake ndiye waukulu, chifukwa iye alibe ndi chonamizira chomwe.

Lolemba m'mawa a Profesa anaoneka pamzere wotumiza ndalama kumudzi, makutu ali pamtunda. HD 600 inatsala kwa achimwene ometa ngati chikole cha ngongole ya feteleza, ndipo kwa nthawi yoyamba yayamba kubweretsa phindu. Aliyense wometa akhoza kuivala n'kujambulitsa pa R5, chingwe atachibisa m'malaya. Makasitomala achuluka, ngakhale Atswana ndi a ku Mozambique. Achimwene ometa, poti ndi munthu wachilungamo, amachenjeza aliyense asanadine kamera: "Chithunzichi ndi chanu, bwana, koma ngati kwanu sanathire feteleza, musachiike pa Facebook."