Makutu samvera mwini nyimbo

Opeka nyimbo ali ndi dandaulo lomwe silitha: anthu sachita zomwe awapempha. Ukati tcherani khutu, amayamba macheza. Ukati chezani, amatchera khutu.

Erik Satie wa ku France zinamuonekera mu Malichi 1920. Iye anapeka nyimbo yoti izingokhala m'chipinda monga umakhalira mpando, munthu osaiganizira n'komwe. Anaiyesa ku Galerie Barbazanges mumzinda wa Paris, pa nthawi yopuma pakati pa sewero. Oimba anawamwaza m'makona, ndipo anthu anauzidwiratu kuti aziyendayenda, azimwa, azicheza. Zoimbira zitangoyamba kulira, aliyense anathamangira pampando wake n'kukhala chete mwaulemu. Satie anayamba kuzungulira chipinda chonse akukalipa kuti anthu alankhule, asamvetsere. Anthu anamvetserabe. Mkuluyu anamwalira mu 1925, asanaone kuti m'masitolo ndi m'mahotela a lero maloto ake anakwaniritsidwa mopitirira muyeso.

Luigi Russolo wa ku Italy vuto lake linali lotembenuza. Mu 1913 analemba kuti makutu a munthu wa mumzinda atopa ndi zeze ndi zitoliro, ndipo nyimbo yeniyeni ili m'mainjini, m'masitima ndi m'mafakitale. Anakhoma mabokosi okhala ndi lipenga kutsogolo ndi chopukusa kumbuyo, ena obangula, ena okhuluza, ena ong'ung'udza. Mu Epulo 1914 anawatengera ku Teatro dal Verme ku Milan n'kupempha anthu kuti amvetsere. Kunali mluzu, kukuwa, kugenda, kenaka anzake a Russolo anatsikira kwa anthuwo ndi zibakera. Odana ndi phokoso aja ndi amene anapambana pa phokoso usiku umenewo.

Nkhani yomwe imatchuka kwambiri ndi ya John Cage wa ku America. Mu 1951 analowa m'chipinda china pa yunivesite ya Harvard, chomangidwa kuti chisalowe phokoso lililonse ndiponso mawu asabwerere kuchokera kukhoma. Ankayembekeza kumva kuti zii. M'malo mwake anamva kulira kuwiri, kwina kokwera, kwina kwa besi. Malinga ndi mmene iye ankafotokozera, injiniya wa pamalopo anamuuza kuti kokwerako ndi minyewa yake, kwa besiko ndi magazi akuyenda m'thupi. Munthu kuthawa phokoso la dziko lonse, n'kukapeza kuti wosokosa ndi iye mwini.

Chaka chotsatira, pa 29 Ogasiti 1952, David Tudor anakhala pa piyano mu holo ya Maverick ku Woodstock, m'boma la New York, kuti aimbe nyimbo yatsopano ya Cage yotchedwa 4'33". Anatseka chivundikiro cha piyano, n'kuyang'ana wotchi. Anatsegula, anatsekanso. Anatero m'zigawo zitatu mpaka mphindi 4 ndi masekondi 33 zinakwana, chala osakhudza paliponse poliza. Holoyo ndi yamatabwa, ili m'nkhalango. Cage ankati m'chigawo choyamba kunamveka mphepo m'mitengo, m'chachiwiri madontho a mvula padenga, ndipo m'chachitatu kunamveka anthu akunong'onezana, ena akutuluka mokwiya. Osauka aja sanadziwe kuti nsapato zawo ndi zomwe zinkamaliza nyimboyo, ndipo anaimba ulere atalipira pakhomo.

Ine pamenepa ndimaseka, komabe Cage sindimuyesa wakuba. Sanagulitse chete, pakuti ku Harvard anali ataona kale kuti chete kulibe. Anangoika malire a nthawi n'kuuza anthu kuti chilichonse chomveka m'kati mwa malirewo achimve monga amamvera nyimbo. Ntchito yomwe timaganiza kuti ndi ya woimba anaisenzetsa womvera. N'chifukwa chake anthu anapsa mtima: anabwera kudzapuma, n'kupatsidwa ntchito.

Si anthu okha omwe amalephera kupirira. Mu Januwale 2004 gulu la oimba la BBC Symphony Orchestra linaimba 4'33" ku Barbican mumzinda wa London, ndipo wailesi ya BBC Radio 3 inaulutsa mwambowo pomwe unkachitika. Koma wailesiyo ili ndi makina omwe akaona kuti pampweya pakhala zii kwa kanthawi, amaganiza kuti china chake chawonongeka n'kuyamba okha kuliza nyimbo. Mainjiniya anachita kuwazimitsa makinawo kuti asapulumutse omvera. Wotsogolera oimba, Lawrence Foster, chigawo choyamba chitatha anatulutsa kansalu n'kupukuta thukuta pachipumi.

Achinyamata a gulu la Vulfpeck ku America anaona kuti chete amadyetsanso. Mu 2014 anaika pa Spotify chimbale chotchedwa Sleepify, cha nyimbo 10, iliyonse ya masekondi pafupifupi 30, mopanda mawu ngakhale amodzi. Popeza Spotify inkalipira kangachepe nthawi iliyonse yomwe nyimbo yaseweredwa, anapempha owakonda kuti azichisiya chikubwerezabwereza usiku wonse iwo ali mtulo. Kampaniyo inachichotsa patapita milungu ingapo, koma gululo linali litapeza kale madola pafupifupi 20,000, omwe linayendera m'mizinda kukaimba kwaulere. Pa onse a m'nkhanizi, awa okha ndi amene omvera awo anachita zomwe anapemphedwa. Anapemphedwa kugona.

Tibwerere kwa Cage, yemwe ngakhale anamwalira mu 1992 sanasiye kuvutitsa anthu. Mu 1987 analemba nyimbo ya limba n'kulamula kuti iimbidwe pang'onopang'ono mmene kungathekere, osanena kuti pang'onopang'onoyo alekezere pati. Anthu a ku Halberstadt ku Germany anaitenga nkhaniyo ndi khama lawo lodziwika. Anawerenga zaka kuchokera mu 1361, pomwe mumzindawo munamangidwa limba lotchuka, kufika mu 2000, n'kupeza 639. Anati basi, nyimboyo itenga zaka 639.

Anayamba pa 5 Sepitembala 2001 m'tchalitchi chakale cha St Burchardi. Tsoka ilo, nyimboyo imayamba ndi kupuma, choncho kwa miyezi 17 kunkangomveka mpweya wa makina opopera. Mawu oyamba analira mu Febuluwale 2003. Popeza palibe chala chingadinikize kwa zaka, poliza pamadinikizidwa ndi timatumba ta mchenga. Tsiku losintha mawu likafika, anthu amabwera kuchokera kutali, kudzaza tchalitchi, kumva kusinthako, n'kubwerera kwawo okhutira.

Amene mwachedwa musathamange, nyimbo idakali koyambirira. Itha mu 2640, ndipo wofuna kudzawomba m'manja pomaliza alemberetu m'wilo kuti chidzukulu chiti chidzamuwombere.